Laibulale yathu ikufuna kulowa pa masamba a mchezo, ndiyambire pati?

Wamabuku:

Moni nonse. Ndimayang'anira laibulale yaing'ono, ndipo akuluakulu akuti tiyambe kugwiritsa ntchito masamba a mchezo kuti owerenga azidziwa za mabuku atsopano, maola otsegulira ndi zochitika za ana. Tili ndi kompyuta imodzi, foni imodzi, komanso mndandanda wa mabuku womwe uli mu Excel. Ntchito ya m'mashelefu ndimaidziwa bwino, koma izizi ndi zachilendo. Kodi nditsegule Facebook, WhatsApp ndi Instagram nthawi imodzi? Ndigwiritse ntchito akaunti yanga yomwe? Nanga ndi ziti zimene zingatigwetse m'mavuto?

Mlembi wa Katalogi:

Takulandirani a Wamabuku. Musatsegule zonse. Munthu mmodzi wokhala ndi owerenga pakauntala sangasamale masamba atatu, ndipo tsamba lomwe lakhala miyezi osaikapo kanthu limachititsa anthu kuganiza kuti laibulale inatsekedwa. Funsani owerenga kwa sabata imodzi kuti iwo amapezeka pati, muyambire pamenepo.

Musanaike positi iliyonse, konzani kaye nkhani ya umwini. Tsegulani imelo ya laibulale, yosakhala m'dzina lanu, ndipo chilichonse mudzatsegule pambuyo pake chizilumikizidwa ku imeloyo. Pa Facebook musapange akaunti ya munthu n'kuitcha dzina la laibulale. Malamulo awo saloleza zimenezo, akhoza kuitseka tsiku lililonse, komanso akaunti ya munthu imathera pa anzanu 5,000. Pangani Page. Page imayendetsedwa kudzera mu akaunti yanu, koma owerenga saona dzina lanu kapena zithunzi zanu. Mukatero pitani pa Page access muonjezere munthu wachiwiri wokhulupirika wokhala ndi mphamvu zonse. Masamba ambiri a mabungwe amafa chifukwa amene anatsegula anasamutsidwa kapena anasiya ntchito, n'kupita nawo.

Chachiwiri, yatsani two-factor authentication, yomwe imafunsa nambala yapadera kuwonjezera pa pasiwedi polowa, pa akaunti za onse awiri. Gwiritsani ntchito pulogalamu yotulutsa manambala monga Google Authenticator m'malo mwa SMS, chifukwa SIM ikatayika kapena ikakhalitsa osagwira ntchito, nambala imatha kuperekedwa kwa munthu wina. Facebook imapereka manambala 10 osungira tsiku la vuto. Asindikizeni papepala, muwatsekere m'kabati.

Tsamba likangoyamba kudziwika mudzalandira uthenga wooneka ngati wa Meta, kampani ya Facebook, wokhala ndi chizindikiro chawo, wonena kuti mwaphwanya malamulo ndipo tsamba litsekedwa pasanathe maola 24 mukapanda kudina linki. Ameneyo ndi wakuba. Linkiyo imakufikitsani pa tsamba lonamizira lofunsa pasiwedi. Musadine, lowani mu Facebook mwa njira yanthawi zonse muone ngati mulidi chenjezo.

Nyali ya Owerenga:

Zonse anenazo ndikugwirizana nazo, koma ine ndikanayamba ndi WhatsApp Business, chifukwa mafunso ambiri obwera kulaibulale ndi aafupi: mutsegula nthawi yanji, buku lakutilakuti lilipo, ndingaonjezere masiku? Pezani nambala ya laibulale yakeyake. Lembani maola otsegulira pa mbiri ya akaunti, ikani uthenga wodziyankha wokha mukatseka, ndipo konzani mayankho okonzeratu a mafunso obwerezabwereza. Mukalemba chizindikiro cha / mayankhowo amatuluka, mumangosankha. Akauntiyo mutha kuilumikiza ku zipangizo zina zinayi, choncho muziyankhira pa kompyuta, foni ili m'dirowa. Ikaninso PIN ya manambala 6, ndipo nambala yotsimikizira yomwe imabwera pa SMS musauze munthu aliyense, ngakhale atanena kuti anaitumiza kwa inu molakwitsa.

Chimene ndikufuna mutsindike kwambiri ndi chinsinsi cha owerenga. Ambiri amathamangira kupanga gulu. Gulu limatenga anthu mpaka 1,024, koma aliyense amaona nambala ya mnzake, ndipo ngati muli atsikana asukulu ndi anthu akuluakulu osadziwana, mwatsegula khomo lomwe simungathe kulilondera. Njira zabwino ndi ziwiri. Broadcast list imafikira anthu 256, aliyense amalandira uthenga payekha, koma umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Ndiye mukamva wina akudandaula kuti salandira, chifukwa chake nthawi zambiri n'chimenecho. Njira ina ndi Channel, yomwe inayamba mu 2023: otsatira saonerana manambala, koma sangakuyankheni mwachindunji, choncho ndi yolengezera basi.

Musamalengeze pa tsamba mayina a anthu amene achedwa kubweza mabuku, ngakhale akuluakulu atakukakamizani. Zimene munthu amawerenga ndi zake. Wobwereka buku la matenda, la ngongole kapena la mavuto a m'banja akangoona kuti mayina amatuluka poyera, sabweranso. Mfundo za makhalidwe abwino zomwe IFLA, bungwe la malaibulale la padziko lonse, linatulutsa mu 2012 zimanena momveka kuti tiziteteza chinsinsi cha owerenga. Mukamajambula kauntala, yang'anani kuti kaundula wa obwereka sali chotsegula ndipo sikirini ya kompyuta sikuoneka, pakuti chithunzi cha foni munthu akachikulitsa mayina amawerengeka. Ana musawajambule nkhope popanda chilolezo cholembedwa cha makolo. Manja atagwira buku, kapena ana ojambulidwa chakumbuyo akumvetsera nthano, zimakwanira.

Wamabuku:

Zikomo kwambiri, zandithandiza. Nanga mndandanda wa mu Excel uja ndingaupereke bwanji kwa owerenga? Enanso akupempha kuti ndiziwasikanira mabuku n'kuwatumizira pa foni.

Mlembi wa Katalogi:

Njira yachangu ndi kuukweza mu Google Sheets n'kugawa linki yololeza kuona kokha, osati kusintha. Koma pangani fayilo yatsopano yokhala ndi mutu wa buku, wolemba, chaka, nambala ya pashelefu ndi ISBN (nambala yapadera yozindikiritsa buku) basi. Ngati mayina a obwereka ali m'fayilo yomweyo, kubisa tsamba (sheet) lawo sikuthandiza, chifukwa munthu akakopera fayiloyo amatha kulivundukula.

Samalani ndi ISBN. Kuyambira mu 2007 imakhala ndi manambala 13, oyamba ndi 978 kapena 979. Mukailemba m'bokosi wamba, Excel imaionetsa ngati 9.78E+12, ndipo mukasunga fayiloyo ngati CSV (fayilo ya mawu ndi manambala okhaokha) ili choncho, manambala enawo atayika, simuwapezanso. ISBN zakale za manambala 10 zoyamba ndi 0 zimataya ziro wakeyo. Choncho sankhani mzere wonse wa ISBN, muusinthe kukhala Text musanalembe kapena kumata chilichonse. Chitaninso chimodzimodzi ndi manambala a barcode.

Kusamala kumeneku kudzakupindulirani tsiku lomwe mudzasamukire ku pulogalamu yeniyeni ya laibulale monga Koha, yomwe inayambira ku New Zealand ndipo ndi yaulere. Mu Koha mumafufuza ndi ISBN kudzera pa Z39.50, njira yolumikizira makatalogi a malaibulale, n'kukoka zolemba za buku zokonzedwa kale kuchokera ku malaibulale ngati Library of Congress, m'malo molemba chilichonse pamanja. Buku lililonse mu Koha limakhala ndi linki yakeyake yomwe mungaike pansi pa chithunzi cha chikuto pa Facebook. Pa Instagram linki yolembedwa m'mawu a pansi pa chithunzi siidinika, n'chifukwa china chosathamangirako. Koha imafuna seva ndi munthu woti aziisamalira, choncho musaiyambe mwezi womwewo mukuphunzira zinazi.

Mukafuna kumata pakhomo QR code, kachizindikiro kojambula ndi foni kuti linki itseguke, sankhani yomwe linki yanu yalembedwa m'kati mwenimweni. Zina zaulere zimadutsa pa seva ya kampani, ndipo nthawi yoyesera ikatha zimasiya kugwira, mapepala mutasindikiza kale.

Nyali ya Owerenga:

Za kusikana mabuku athunthu, akanizeni mwaulemu. Pangano la Berne, lomwe maiko anagwirizana pa za umwini wa zolemba, limateteza ntchito ya wolemba moyo wake wonse ndi zaka zina zosachepera 50 atamwalira, ndipo m'maiko ambiri ndi zaka 70. Kukhala ndi buku pashelefu sikukupatsani ufulu wolichulukitsa, ndipo PDF ikangolowa m'foni imodzi simungaibwezenso. Kuchuluka kwa masamba omwe mungakopere wophunzira kumatengera lamulo la dziko lanu, ndiye liwerengeni, mulembe malire ake pafupi ndi makina okopera.

Koma musawabweze chimanjamanja. Webusaiti ya Project Gutenberg ili ndi mabuku akale omwe chitetezo chawo chinatha ku United States, ngakhale muyenera kuonanso lamulo la kwanu. DOAJ, yomwe inayamba mu 2003, imasonkhanitsa magazini a kafukufuku owerengedwa mwaulere. Ngati bungwe lanu lili m'dziko loyenerera, lembetsani ku Research4Life, pulogalamu yopezera magazini a kafukufuku mwaulere kapena motchipa, komwe kuli Hinari ya zaumoyo ndi AGORA ya zaulimi. Pasiwedi yake ndi ya ogwira ntchito ndi ophunzira a bungwe lanu okha. Ikafalitsidwa m'magulu, akhoza kukutsekerani nonse. Mabuku okhala ndi chilolezo cha Creative Commons mutha kuwagawa, bola mutchule wolemba ndi kutsatira zimene chilolezocho chikunena.

Pa mapositi, awiri kapena atatu pa sabata akwana. Akonzereni tsiku limodzi mu Meta Business Suite, chida cha Meta choyendetsera Page, kuti azituluka okha. Tsiku, nthawi ndi malo a chochitika muzilembe m'mawu, osangodalira chithunzi, chifukwa amene netiweki yawo ndi yofooka chithunzi sichitseguka, ndipo osaona amadalira pulogalamu yowawerengera mawu. Maola otsegulira akasintha, sinthani pa Page ndi pa WhatsApp tsiku lomwelo.