Tigawane bwanji phindu la golosale ya kopaletivi?

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene munayendetsapo sitolo ya kopaletivi kapena kugwiramo ntchito. Ife alimi ndi aphunzitsi a kuno kwathu tikusonkha ndalama zoti titsegulire golosale yathuyathu yogulitsa shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira.

Tonse tavomereza mfundo yomwe ankatsata anthu amene anatsegula sitolo yotere ku Rochdale, ku England, mu 1844, yoti membala aliyense ali ndi voti imodzi ngakhale atakhala ndi masheya ambiri. Tasemphana pa phindu. Ena akuti ligawidwe potengera masheya, pomwe ine ndikuona kuti mayi amene amagula tsiku ndi tsiku, ngakhale kapaketi kamodzi ka mchere, ndiye akuimika sitoloyo, choncho aziona kubwezeredwa molingana ndi zomwe wagula. Kodi inu munkalemba bwanji zogula za membala aliyense popanda kompyuta?

Chinanso ndi wogulitsa pa kauntala. Kodi ndi bwino akhale membala mnzathu, kapena tilembe ntchito munthu wapadera yemwe sangachite manyazi kukaniza ngongole malume ake? Nanga katundu akaperewera pa tsiku lowerengera, amalipira ndani?