Bottom bracket yatsopano ikukana kulowa pa Raleigh yakale

Kotapini:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi Raleigh Record ya m'ma 1970, felemu yachitsulo, mwini wake akufuna iyambenso kuyenda. Kalanki yake ndi ija ya makotapini, timisomali tokhomera mkono pa ekiselo, ndipo ekiselo yapakati yadyeka moti mkono wakumanzere ukugwedera ngakhale ndikhomere kotapini watsopano. Tagwirizana zoika kalanki ya aluminiyamu. Ndatenga bottom bracket (ekiselo yapakati ndi mabozi ake, pozungulira kalanki) ya cartridge, ija yobwera yomata kale ngati chinthu chimodzi, ya 68 mm, mazinga achingelezi. Ndikamapotokola ndi dzanja ikuzungulira kawiri, kenako yaima nji. Mbali zonse ziwiri chimodzimodzi. Mazinga ndatsuka ndi bulashi ya waya, girisi ndapaka, koma palibe chasintha. Kodi ndi dzimbiri lotsalira? Ndiikakamize ndi sipanala yaikulu?

Madala Sipanala:
Ikani sipanalayo pansi kaye, achimwene. Limenelo si dzimbiri. Njinga zambiri zomwe Raleigh inkapanga ku fakitale yake ya ku Nottingham zinali ndi mazinga akeake, 26 pa inchi imodzi, pomwe zomwe timati zachingelezi zili ndi 24. Kukula kwa bowo n'kofanana, n'chifukwa chake ikuyamba kulowa ngati ndi pake. Koma zinga la 24 limayenda 1.06 mm likazungulira kamodzi, la 26 limayenda 0.98 mm. Poyamba kusiyanako sikumveka, kumangowunjikana mpaka mazinga akwerana pamsana. Zili ngati kutseka botolo ndi chitsekerero cha botolo lina. Mukakakamiza mupha mazinga a felemu, ndipo makapu ake enieni, aja opotokolera m'bowo omwe mabozi amayendamo, sadzagwiranso.

Yezani m'lifupi mwa paipi yomwe mukulowa ekiseloyo. Mukapeza 71 mm m'malo mwa 68, nkhani ndi imeneyi. Ndiye makapu akalewo ali kuti?

Kotapini:
Ndayeza, madala, 71 ndithu. Ndagunditsanso mazinga a kapu yakale pa a cartridge n'kuyang'ana kowala, sakulumana, pakuoneka mipata. Makapu onse awiri ndili nawo pa benchi, ndi lockring yake, ring'i yotsekera kapu yakumanzere kuti isamasuke.

WaFelemu:
Ine zoterezi sindichedwa nazo. Ndimalowetsa tapu ya 24 n'kudula mazinga atsopano, ndimasepa paipiyo mbali zonse ifike 68, cartridge n'kulowa. Mwini njinga sadzavutikanso kusaka zipangizo zomwe zinasiya kupangidwa kalekale.

Madala Sipanala:
Zimatheka, sindikukana, koma taganizani zomwe tapuyo ikuchita m'katimo. Bowo silinakule, ndiye palibe chitsulo chatsopano choti idulemo. Ikungodutsa pa mazinga akale, pena kugwirizana nawo, pena kuwadula pakati. Pa theka la inchi pali mazinga 13 akale ndi 12 atsopano, ndiye pali malo omwe zinga latsopano likugwera pamwamba penipeni pa lakale, ndipo pamenepo pamatsala tizibenthu basi. Ngati n'kudula, bola kukuza bowo n'kudula a Chitaliyana, 36 mm, chifukwa apo mukudula chitsulo chamoyo. Koma njira imeneyo timasungira felemu yomwe mazinga ake anafa kale. Iyi ndi yamoyo.

Mayi Masipoko:
Ndigwirizana ndi madala. Achimwene a Kotapini, pukutani makapuwo, muyendetse nsonga ya bolopeni m'njira ya mabozi. Ikamatsetsereka osakodwa pa kadzenje, makapuwo ndi abwino, ndipo a Raleigh amakhala nthawi yaitali kuposa ekiselo. Sinthani ekiselo yokha, muike ya mutu wa makona anayi yomwe kalanki ya aluminiyamu imafuna.

Posankha ekiselo pali miyeso iwiri, ndipo ambiri amangoyang'ana umodzi, kutalika konse. Wofunika koyamba ndi mtunda wa pakati pa mapewa awiri omwe mabozi amayendapo. Ma ekiselo a ku Japan amalembedwa nambala pakati. Oyamba ndi 3 ndi a 68 mm, mapewa ake atalikirana 52 mm, ndipo pa Raleigh amafupika: kapu yakumanzere imamira yonse, lockring n'kusowa pogwira. Oyamba ndi 5 anapangira 70 mm ya Chitaliyana, mapewa 55 mm. Oyamba ndi 7 ndi a 73 mm. Tengani veniya, yezani ekiselo yakale, musake woyandikira pakati pa wa 5 ndi wa 7. Mabozi ikani atsopano a 1/4 inchi, 11 mbali iliyonse, opanda keji.

Kapu yakumanja pobwezera kumbukirani kuti mazinga ake ndi amanzere, imamanga mukapotokola mobwerera. Ikanakhala kuti simunaichotse ndikanati isiyeni momwemo, ntchito yonse imatheka ili pamalo pake.

WaFelemu:
Nanga makapu akapezeka okumbika, mayi? Mubwerera kwa ine ndi tapu yanga.

Mayi Masipoko:
Ayi bambo, njira zilipo zina musanafike pa tapu. Pali ma cartridge opanda mazinga omwe mbali ziwiri zimamangana zokha n'kufinya paipi, kungoti ambiri anawapangira 68, ndiye kusepa sikuthawika. A kampani ya Phil Wood anapangapo maring'i a mazinga 26 ogwirira cartridge yawo. Komanso felemu za Raleigh zophwanyika zilipo zambiri, makapu ake n'kuchotsa.

Madala Sipanala:
Ndionjezere chinthu china mwini njinga asanakutumeni zina. Foloko nayo ili ndi mazinga 26 omwewo. Headset yatsopano, makapu ndi mabozi omwe foloko imazungulirapo, ikakuchitani zomwezi pamwamba paja. Manati ake musataye ngakhale chrome itasupuka, tsukani ndi kubwezera.

Kotapini:
Bolopeni yadutsa bwinobwino m'makapu onse, kadzenje palibe. Poti mwatchula zina, mawilo nawo ndi nkhani. Malimu akale ndi achitsulo, 27 x 1 1/4, lakumbuyo lapindika. Mwini wake wabweretsa mawilo a 700C, habu yakumbuyo m'lifupi 130 mm, pomwe mpata wake pa felemu ndayeza 120.

Mayi Masipoko:
Limu la 27 ndi 630 mm pokhala tayala, la 700C ndi 622. Kusiyana 8 mm, kutanthauza kuti marabala a buleki atsike 4 mm okha. Masulani rabala muone ngati mpata wake watsala pansi. Mabuleki akale a centre-pull, aja okokedwa ndi waya pakati, ambiri amafika. Akapanda kufika, sakani a mikono yaitali, osasiya rabala ikukhudza tayala.

Za 130 zo ine sindikondwa nazo. Chitsulo chimalola kufutukula, inde, si aluminiyamu yomwe imang'aluka. Kuchoka 120 kufika 126 ndimachita mtima uli m'malo. Kufika 130 ndi 5 mm mbali iliyonse, ndipo ma dropout, timipata tolowa ekiselo ya wilo, amatsala atayang'ana kunja, ofunika kuwongolanso, apo ayi ekiselo ya habu imapindika pomanga.

WaFelemu:
Apa pokha ndiloleni, ndi ntchito yanga. 130 imafika. Futukulani mbali imodzi payokha ndi thabwa lalitali, pang'onopang'ono, mukuyeza, chifukwa chitsulo chimabwerera mukasiya. Musakankhe mbali zonse nthawi imodzi, yakumanja nthawi zambiri imagonja msanga poti paipi yake anaifinya kuti giya yakutsogolo idutse. Mukatha, mangani chingwe pa dropout imodzi, chizungulire paipi ya kutsogolo komwe kumalowa foloko, chibwerere pa dropout inayo. Yezani kuchoka pa chingwe kufika pa paipi ya chishalo mbali zonse. Zikasiyana, njinga iziyenda chammbali. Pafupi ndi kamlatho ka buleki mangani lamba kuti mkuwa wolumikizira usang'ambike.

Kotapini:
Ndabwera ndi lipoti. Ekiselo ya 5 yakwana, kapu yakumanzere yatsala kunja mazinga atatu, lockring yagwira. Ikuzungulira mosalala, kugwedera kulibe. Giya yaing'ono yakutsogolo yatsala 3 mm kuti ikhudze felemu. Za mawilo ndakambirana ndi mwini wake, tasankha kusunga habu yakale ndi fuliwilo yake ya magiya 5, ndilukepo limu latsopano la aluminiyamu la 700C. Felemu ikhala pa 120 pomwepo. Pepani a WaFelemu, thabwa lanu lidikire njinga ina.

Mayi Masipoko:
Werengani mabowo a habu yakaleyo musanagule limu, zina zachingelezi kumbuyo zinali ndi 40, osati 36. Masipoko akale musadalire, yezani limu latsopanolo muwerengere kutalika kwake. Ndipo 3 mm ija muionenso mukamanga bawuti ya kalanki komaliza, aluminiyamu imalowabe pang'ono pa ekiselo.