Kodi mawu oti "khuma" anachokera kuti?

Abale anzanga, ndithandizeni. Agogo anga akaona munthu atakhala pakhonde, dzanja lili patsaya, maso ali kutali, amati "ali khuma". Sakulira, sakudwala, koma mtima uli kwina. Kodi khuma ndiye anabala mawu oti kukhumata, kapena kukhumata ndiko kunayamba? Nanga ndwii akusiyana naye pati? Kwa ine, mu ndwii muli kamkwiyo.

Achibale a ku Tete amatchula saudade, mawu a Chipwitikizi omwe akatswiri ambiri amati anachokera ku mawu a Chilatini otanthauza kukhala wekha. Amenewo ndimaona kuti ayandikira kupukwa, chifukwa pamakhala wina amene ukumusowa. Munthu amatha kukhala khuma abale onse alipo. Akuluakulu a ku Dedza, Kasungu ndi Chipata, kwanuko mumati chiyani?