Riad yokhala ndi pool ku Marrakech: ndiwabukitsire iti?

NaBanda, Lilongwe: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndigawireni nzeru. Ndili ndi banja lina, makasitomala anga akalekale, akufuna kukakondwerera zaka 30 ali m'banja ku Marrakech, m'dziko la Morocco, masiku asanu, sabata yachiwiri ya Januwale. Bambo anaona pa Instagram nyumba zija zokhala ndi bwalo pakati, mitengo ya malalanje, matailosi obiriwira ndi pool, ndiye akuti za hotela wamba asamve, akufuna nyumba yotereyi, yomwe amati riad, mkati mwenimweni mwa medina, mzinda wakale wozunguliridwa ndi mpanda. Mayi amasambira m'mawa uliwonse chifukwa cha bondo, anawalamula ndi adokotala. Ndapeza zitatu: ina ku Mouassine, ina ku Kasbah, ina kufupi ndi Bab Doukkala. Zonse zalemba kuti pool ilipo. Ndiyambire pati?

Gondwe, Johannesburg: Achemwali, musanayang'ane mtengo funsani kaye mamita. M'litali, m'lifupi, kuya kwake. Ma pool ambiri a m'ma riad ndi oti munthu alowe, adzinyowetse, atuluke. Mamita atatu kapena anayi, madzi olekeza m'chiuno. Wojambula amakhala pansi pakona ndi kamera yotambasula, kadziwe kaja nkuoneka ngati nyanja ya ku Salima. Apempheni vidiyo ya pa WhatsApp, munthu ataima m'mbali mwake. Akayamba kuzengereza, yankho mwalipeza kale.

Chachiwiri ndi mwezi mwasankhawo. Nyumba zimenezi anazimanga kuti dzuwa lisalowe: makoma ochindikala, kunja kopanda mawindo, bwalo lozunguliridwa ndi nyumba zosanja kawiri kapena katatu. Mu Julaye, kukamatentha kupitirira madigiri 40, ndi dalitso. Mu Januwale usiku kumatsika mpaka cha m'ma 6, dzuwa limangosuzumira pabwalopo masana nkupita. Madzi osatenthetsa nthawi imeneyo mayiwo sangaviikemo ngakhale chala.

NaBanda: Ya ku Mouassine yalemba kuti "heated".

Gondwe: Funsani kuti amatenthetsa mpaka madigiri angati, komanso ngati makinawo amayaka mu Januwale muno. Ena amayatsa pokhapokha mlendo akapempha, ena amalipiritsa padera. Posambira bwinobwino pamafunika 27 kapena 28. Yankho likhale la pa imelo, lilowe m'failo ya kasitomala.

Che Jafali, Mangochi: Ine nkhawa yanga ndi bondolo. Tonse tathamangira madzi, koma mayiwo akafika bwanji pakhomo? Mzinda uja ndi wa m'zaka za m'ma 1070, UNESCO inauika pa mndandanda wake wa malo a mbiri yakale mu 1985, ndipo tinjira take tambiri galimoto silowa. Takisi yochokera ku bwalo la ndege la Menara imakusiya pachipata kapena pa kabwalo kena, masutikesi nkukwera ngolo yokankha ndi manja, iwe nkumatsatira pambuyo uku ukuzemba njinga zamoto. Kwinaku khoma kwinaku khoma, tambasula manja wakhudza onse. Mouassine ndi pabwino, misika ili pakhomo, bwalo lalikulu la Jemaa el-Fna ndi pafupi, koma mkati mwake ndi moyenda ndithu. Ku Kasbah ndi ku Bab Doukkala galimoto imafika pafupiko. Funsani kuti kuchokera potsikira mpaka pachitseko ndi mphindi zingati, ndipo usiku amatuma munthu kukawachingamira kapena ayi.

Mukalowa m'nyumbamo, masitepe. Opapatiza, okhotakhota, sitepe iliyonse msinkhu wakewake, ndipo ma riad okhala ndi lifiti ndi owerengeka. Chakudya cham'mawa ambiri amaperekera padenga. Pool inanso imakhala padenga pomwepo.

Mai Tembo, Lusaka: Ndilankhule mosapsatira. Kasitomala wosambira tsiku lililonse malo ake ndi Hivernage kapena Palmeraie, madera a mahotela kunja kwa medina. Ma pool akuluakulu, lifiti, galimoto mpaka pakhonde. Medina azikaiona masana nkubwerera. Mukulimbana ndi chiyani?

NaBanda: Amayi, ndinayesa. Bambo anangoti, "Hotela ngati imeneyo ndagonamo ku Sandton, ndikakwerere ndege mpaka Morocco chifukwa cha iyo?" Ndipo sakulakwa kwenikweni. Chimene akugula ndi bwalo lija, kasupe akulira pakati, tiyi wa timbewu tonunkhira madzulo.

Mai Tembo: Ndiye gawani masikuwo. Atatu mu riad, awiri otsiriza ku Palmeraie. Bambo akhutira, mayi asambira, inu komishoni mwadya mbali ziwiri.

Gondwe: Kusamuka pakati pa ulendo waufupi chonchi kumadya theka la tsiku. Kulongedza, ngolo, kudikira chipinda china mpaka 3 koloko. Achikulire sakonda. Ilipo njira ina: mahotela angapo kunja kwa mpanda amalandira anthu odzangosambira tsiku limodzi, nthawi zambiri pamodzi ndi nkhomaliro. Komabe ma riad aakulu, aja analumikiza nyumba ziwiri kapena zitatu, ena ali ndi pool ya mamita 10 kupita m'tsogolo. Alipo, kungoti ndi ochepa ndipo amadzaza msanga.

Che Jafali: Wina akhoza kunena kuti apatseni chipinda chapansi, nkhani ya masitepe ithe. Chenjerani. Zipinda zonse zimayang'ana pabwalo, ndiye phokoso lililonse limathera pomwepo: masupuni a m'mawa, ana m'madzi, belu la pachitseko pakati pa usiku. Chapansi chimakhalanso chamdima, ndipo nyengo yozizira china chimanunkha chinyezi. Pemphani chapansi koma cha pabwalo lachiwiri, lopanda pool, ndipo chikhale ndi hita kapena AC yotenthetsa. Za azana auzenitu bwinobwino. Mizikiti mu medina ili paliponse, kuitana kwa m'bandakucha kumamveka m'nyumba iliyonse. Kwa ife ndi zozolowera, koma mlendo wosauzidwa amadzakuimbirani foni ngati mwamulakwira. Ngati bambo amakonda kavinyo, funsaninso, si riad iliyonse ili ndi chilolezo chogulitsa mowa.

Mai Tembo: Onjezani funso la zomangamanga. Chivomerezi cha pa 8 Sepitembala 2023 chinawononga nyumba zina mu medina, makamaka cha ku Mellah, dera lakale la Ayuda, ndipo ngakhale popanda icho, kukonza nyumba zakale mumzinda muja sikutha. Khoma ndi limodzi ndi aneba. Hamala ikayamba 8 koloko, mtengo wa chipinda ulibenso tanthauzo. Werengani ndemanga za miyezi itatu yapitayi, zakale zisiyeni.

NaBanda: Ndabwera ndi mayankho, onse atatu ayankha lero. Ya ku Mouassine: mamita 4 kwa 2, amatenthetsa, koma kuyenda mphindi 8 kuchokera potsikira ndipo chipinda chatsala ndi chapamwamba. Ya ku Bab Doukkala: pool ili padenga, yosatenthetsa, vidiyo sanatumize. Ya ku Kasbah: mamita 11 kwa 3, kuya 1.4, madigiri 28 chaka chonse, galimoto imaima mamita 50 kuchokera pachitseko. Atumiza vidiyo mnyamata akuviika choyezera m'madzi, nthunzi ikufuka. Chipinda chapansi cha pabwalo laling'ono chilipo, chakudya cham'mawa akuti awabweretsera pansi pomwepo. Vuto lake ndi yodula kuposa zinzake, komanso akufuna dipoziti ya theka, m'ma euro.

Gondwe: Tengani ya ku Kasbah. Manda a mafumu a Saadian ndi nyumba yachifumu yakale ya El Badi zili pafupi, nyumba yachifumu ya Bahia nayo si patali, mayiwo sayenda kwambiri. Mamita 11 si a mpikisano koma bondo limasuka.

Pa ndalama, nkhani ya forex kwanuko mukuidziwa kuposa ine. Kotesheni ilembedwe m'ma euro, ndi chiganizo chakuti makwacha awerengedwa pa tsiku lolipira. Amene anapereka mitengo ya makwacha Novembala 2023 isanafike, kwacha itagwa ndi 44 peresenti analipira kusiyanako m'thumba mwawo. Riad ya zipinda zochepa siseka pa nkhani yolephereka ulendo, ndiye malamulo ake kasitomala asainire, ndipo inshuwalansi ikhalepo.

Che Jafali: Auzeninso za msonkho wa alendo, wa munthu aliyense usiku uliwonse, ambiri amalandirira pomwepo ndipo amakonda kashi. Ma dirham, ndalama za ku Morocco, akasinthe akafika, kuno simuwapeza.

NaBanda: Ndawatumizira vidiyo ija. Mayi ayankha okha, akuti bukitsani, bambo angofunsa ngati mitengo ya malalanje ilipo. Ilipo inayi. Ndapempha riad indisungire chipindacho mpaka Lachisanu pamene tikudikira banki. Achimwene a Gondwe, chiganizo chanu cha euro chija nditumizireni ku inbox ndichiike pa invoisi.