Buku lachikondi landisiya ndi mitima iwiri: ndimupatse mng'ono wanga?

Mtsikana wa ku Bembeke:
Anzanga okonda kuwerenga, ndithandizeni maganizo. Ndamaliza buku lina lachikondi la achinyamata lomwe ndinagula kwa bambo wogulitsa mabuku akale pa Dedza boma, ndipo mpaka pano mtima sunakhazikike.

Ndi nkhani ya mtsikana wa Fomu 3 pa sukulu yoyendera, mayi ake amagulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu. Wolembayo moyo wathu amaudziwa. Pali malo ena pamene mtsikanayo wachapa yunifolomu yake imodzi yomweyo madzulo, m'nyengo yozizira ya mwezi wa June, n'kuiyanika pafupi ndi moto kuti pofika m'mawa ikhale itauma. Mawa lake akulowa m'kalasi akununkha utsi, mtima uli m'mwamba kuti mnyamata wokhala kumbuyo kwake amva fungolo. Pamenepo misozi inalengeza, chifukwa aliyense wokulira kuno kuphiri akudziwa kuti chovala sichiuma msanga m'miyezi imeneyi. Chibwenzi chawonso chikuyamba mokoma. Mnyamata wa Fomu 4 akumuthandiza masamu, kumuperekeza mpaka pa mlatho, n'kubwerera pomwepo poopa atsibweni a mtsikanayo.

Chapakati zinthu zikutembenuka. Mnyamata uja akulanda foni ya mayi a mtsikanayo kuti aone amene amamuimbira. Akumuletsa kukawerenga pagulu chifukwa kumakhala anyamata. Tsiku lina akumufinya mkono mpaka kutupa. Ine ndimadikira kuti wina m'bukumo adzudzule, kaya mayi, kaya mphunzitsi. Palibe ndi mmodzi yemwe. Mnzake wapamtima ndiye akumuuza kuti mwamuna wansanje ndi amene amakonda zenizeni. Mnyamata akulemba kalata yopepesa, akhululukirana, buku latha.

Mng'ono wanga ali Fomu 2, waliona ndipo akundivutitsa kuti ndimubwereke. Ndimupatse kapena ndibise?

Mayi wa ku Mtakataka:
Mwanangu, bisani. Ife kuno kwa Kachindamoto tinaona ndi maso athu mfumu yathu ikuthetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuwabwezera kusukulu, mpaka kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankalekerera. Lamulo la maukwati la 2015 linati munthu asakwatiwe asanakwane zaka 18, ndipo mu 2017 anakonzanso malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nazo. Koma si ana onse amene anakakamizidwa ndi makolo ayi. Ena ankachita kulirira okha banja, akuti "amandikonda, safuna ndiziyankhula ndi wina". Mawu omwewo ndi amene mwawapeza m'bukumo. Mwana wa Fomu 2 akawaona atasindikizidwa pa pepala aziyesa ndi malangizo.

Mphunzitsi wa Chichewa, Ntcheu:
Amayi, nkhawa yanu ndikuimva, koma ine ndikuona mwina. Achemwali, mukabisa ndiye mwalikometsa. Akalipeza kwa mnzake, ndipo akawerenga yekha popanda womufunsa kanthu. Ndiponso ana athu akuwerenga kale nkhani zoposa pamenepa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, zomwe zimabwera chigawochigawo usiku uliwonse.

M'kalasi la zolembalemba timaphunzitsa ana kuti zomwe wanena mtengambali, kapena kuti munthu wa m'nkhani, si ndiye zoona chifukwa choti zili m'buku. Timawafunsa kuti, kodi mtengambali wasintha chiyani kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto? Mufunseni mng'ono wanu zomwezo. Mtsikanayu anali ndi anzake angati asanayambe chibwenzi, nanga watsala ndi angati pomaliza? Kalata ija itafika, anabwerera kukawerenga pagulu kapena ayi? Akanakhala mnzako wa pa desiki imodzi ukanamuuza chiyani za mkono wotupawo? Mudzadabwa ndi mayankho. Atsikana ambiri zimenezi amaziona bwinobwino, kungoti palibe wamkulu amene anawapatsapo mpata woti azitchule.

Chinanso, mabuku osonyeza mtsikana wa kuno monga alili ndi ochepa. Sindingafune kuti mwana amanidwe tsamba la yunifolomu lija.

Mnyamata wa pa Lizulu:
Ndikuganiza kuti bukuli ndalizindikira, ndinaliwerenga chaka chatha. Nonse mukukamba za atsikana, koma anyamatafe limatipwetekanso. Mnyamata uja bambo ake anapita ku Joni osabweranso, ndipo wolemba akufuna timumvere chisoni. Ndinamumveradi. Chimene chinandiwawa n'chakuti anzake akumuona akulanda foni, iwo n'kumangomuchemerera. Pa msika pano timamva zomwezo tsiku ndi tsiku, kuti mkazi ukapanda kumuopseza akuderera. Ndikanakonda mnzake mmodzi yekha amukokere pambali n'kumuuza kuti aise, izi si zachikondi. Achemwali, ngati muli ndi mlongo wanu wamng'ono, naye awerenge, mumufunse mafunso a aphunzitsiwo.

Mayi wa ku Mtakataka:
Aphunzitsi, inu muli ndi luso lofunsa. Makomo ambiri mulibe munthu wotere, buku limangoyenda dzanja ndi dzanja. Ine sindikusintha maganizo, koma ngati mkulu wakeyu akhale naye pansi, pamenepo ndingavomere.

Mtsikana wa ku Bembeke:
Zikomo nonse. Amayi, ndamva, sindimusiyira kuti apite nalo kusukulu. Tiziwerenga limodzi madzulo tikatha kutsuka mbale, mutu umodzi umodzi, ndipo tikafika pa mkono paja ndiima kaye ndimve zomwe anene. Achimwene a pa Lizulu, mlongo wanga akadali Sitandade 7, adikire pang'ono. Wolembayo ndikadali naye chifukwa. Anatha kuona manyazi a mtsikana pa fungo la utsi, ndiye mantha ake pamene foni ikulira mnyamata ali pompo anawaphonya bwanji? Aphunzitsi, ngati muli ndi mafunso ena okhudza mnzake wapamtima uja, nditumizireni, chifukwa ameneyo ndi amene mng'ono wanga angamukhulupirire msanga.