Dzimbiri ndikulifuna pa chithunzi, koma lisadye pepala. Nditani?

Akuluakulu a m'gulu lino, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Kanyama mumzinda wa Lusaka, ndipo ndimapanga zithunzi pa malata akale amene anthu asasula padenga. Pa latalo ndimamatapo zidutswa za maposita ong'ambika a m'makoma a ku Soweto Market, tinsanza ta chitenje tochokera kwa matelala a ku Kamwala ndi zotsekera mabotolo, kenako n'kulembapo zilembo zikuluzikulu ndi penti wa spray, ngati zija za pamakoma ndi pa maminibasi.

Chikundisowetsa mtendere ndi dzimbiri. Mvula ikangoyamba mu Novembala, limatulukira papepala ngati madontho a tiyi, guluu wa matabwa n'kuyamba kumatuka m'mbali. Ambiri akuti ndipake red oxide, penti wofiira woteteza chitsulo ku dzimbiri, lata lonse. Koma ndikatero chithunzi chafa, chifukwa dzimbirilo ndi mabowo a misomali ndi zimene zimasonyeza kuti latali linafunditsa banja zaka zambiri. Ndikufuna lizioneka, koma lisapitirize kudya. Cholinga changa n'kukaonetsa ntchitozi ku nyumba yoonetsera zaluso ya Henry Tayali, ku Showgrounds, ndipo sindingagulitse chinthu choti chikamatuke m'nyumba mwa munthu.

Wowotcherera wa ku Kalingalinga: Achimwene, red oxide pakani kumbuyo kokha. Kutsogoloko palani ndi bulashi ya waya kuti dzimbiri lofumbutuka lichoke, lotsala lolimbalo lisiyeni. Pukutani ndi thinners (mankhwala osungunulira penti), liume padzuwa, mupake vanishi woonekera wosanyezimira, kawiri kapena katatu. Dzimbiri limakula ndi chinyezi ndi mpweya, mukazitsekera limachedwa kwambiri, ngakhale mtundu wake umaderako pang'ono. M'mphepete pindani ndi hamala, lata limacheka.

Mayi wa ku Kabwata: Mwanawe, guluu wa matabwa sagwira bwino pachitsulo, amafuna chinthu chomwa madzi. Mata mapositawo pansalu yolimba kapena pa kathabwa kopyapyala, ziume, ndiye uzikhomerere pa latalo ndi ma rivet, timisomali tolumikizira malata. Pepala lisakhudze chitsulo n'komwe. Ndipo spray uzipopera panja, kutali ndi mbaula ndi ana.

Wofunsa: Zikomo amayi, za ma rivet ndazikonda, mitu yake iwonjezeranso kukongola. Nanga felemu? Ndimagwiritsa matabwa a mapaleti, aja amasanjikapo katundu ponyamula.

Kalipentala wa ku Garden: Yang'anani chidindo pambali pa paleti. Lolembedwa HT analiphika ndi kutentha basi, ndi labwino. La MB anathira mpweya wa poizoni wophera tizilombo, limenelo lisiyeni, makamaka poti mumalicheka ndi kulipala. Thabwa likamatulutsa kaufa m'timabowo, muli tizilombo, musalilowetse m'nyumba.

Wofunsa: Ndamva bambo. Loweruka ndiyesa kaye pa kachidutswa ka lata, ndikasiye pakhonde mvula ikamenye. Alipo amene anayesapo lacquer, penti woonekera wopopera pagalimoto, m'malo mwa vanishi? Ndikuopa kuti angasungunule inki ya maposita.