Munthu wangotenga kumene HIV, timupeza bwanji pa chipatala chaching'ono?

Anzanga azaumoyo, ndithandizeni nzeru. Ndimayeza magazi pa chipatala china chakumudzi, ndipo nkhani ya anthu amene angotenga kumene HIV ikundisowetsa mtendere.

Zipangizo zathu, Determine ndi Uni-Gold, zimafufuza asilikali amene thupi limapanga polimbana ndi kachilomboka, osati kachilombo kenikeniko. Asilikaliwa amatenga milungu ingapo kuti aoneke, mwa ena mpaka miyezi 3. Chowawa n'chakuti nthawi yomweyi ndi pamene tizilombo timachuluka kwambiri m'magazi, ndiye kupatsira mnzake wa pamphasa kapena mwana woyamwa sikuvuta.

Munthu wabwera thupi likutentha, pakhosi pakuwawa, totupa pakhungu, malungo alibe. Akuvomera yekha kuti anagonana popanda kondomu milungu 2 kapena 3 yapitayo. Tayeza, kachilombo sikakuoneka. Timamuuza kuti adzabwerenso, koma ena akangomva kuti "mulibe", basi, sitiwaonanso. Akadafika maola 72 asanathe tikadamupatsa PEP, mankhwala a masiku 28 oletsa kachilomboka kukhazikika m'thupi, koma apa nthawiyo yadutsa.

Kodi alipo pakati panu amene amatumiza magazi a munthu wotere ku chipatala chachikulu kuti akawayeze pa makina ofufuza kachilombo kenikeniko, monga tichitira ndi makanda obadwa kwa amayi omwe ali ndi HIV? Ndondomeko za unduna zimalola zimenezi kwa akuluakulu? Nanga wofuna kuyamba PrEP, mankhwala othandiza munthu wopanda HIV kuti asatenge kachilomboka, akakhala ndi zizindikirozi mumamudikiritsa nthawi yaitali bwanji?

Chimene ndikufunitsitsa ndi ichi: mumalankhula naye mawu otani kuti abwerenso ndiponso ateteze wa kunyumba, popanda kumuchititsa mantha?